Nkhope yasintha, imvi zatuluka: yankho kwa mayi wa zaka 47

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, wa zaka 47, wa ana anayi. Ndaidula pang'ono, koma mawu ndi awo.

"Pautsikana wanga ndinali chiphadzuwa, sindikudzitama ayi, anthu ankacheuka ndikamadutsa. Pano ndikaima pagalasi ndimaona munthu wina. M'masaya mwada zigamba, khungu layamba kugwa, imvi zatuluka, tsitsi lakutsogolo likutha, mimba nayo yatuluka. Makondakitala amene ankanditchula kuti sisi lero akuti khalani apa mama. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa mafuta osakaniza a m'kabotolo kopanda dzina, ndadzola miyezi isanu. Poyamba ndinawala, koma tsopano ndikangodumphitsa masiku awiri nkhope imayabwa ndi kutentha. Bambo akunyumba sanenapo kanthu, koma kusanenako n'kumene kukundipweteka. Kodi pali chimene ndingachite kuti ndibwerere mwakale, kapena ndingovomereza kuti zanga zinatha?"

Zikomo mayi polemba. Ndiyambira pa kabotoloko, chifukwa mwa zonse mwatchulazi ndi kokhako kamene kangakuwonongeni m'miyezi ikubwerayi. Imvi zikhoza kudikira.

Mafuta amene amawalitsa munthu m'masabata awiri kapena atatu, kenako n'kumamulanga akawasiya, kawirikawiri amakhala ndi mankhwala a mtundu wa steroid. Pamachubu ake pamalembedwa clobetasol kapena betamethasone. Ndi mankhwala enieni a kuchipatala, a nthenda zoyabwa za pakhungu, ndipo dokotala amawalemba kwa masabata ochepa, pamalo podwala pokha, kumaso amawapewa. Osakaniza mafuta aja amafinyira machubu angapo m'botolo la mafuta odzola wamba, n'kutakasa, n'kumagulitsa. Steroid amafinya timitsempha ta magazi ndi kufooketsa maselo opanga mtundu wa khungu, n'chifukwa chake kuwala kumabwera msanga ndipo anzanu amayamba kukufunsani chinsinsi. Koma mankhwala omwewo amaletsa khungu kupanga collagen, ulusi wamkati umene umaligwira kuti likhale lokhuthala ndi lolimba. Ulusi umenewu ndi womwe zaka zikukulandani kale pang'onopang'ono, ndiye mafutawo akungothamangitsa ntchitoyo. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha kumaonekera, tiziphuphu tofanana msinkhu timatuluka pachipumi ndi m'masaya, ena amamera ubweya kumaso, ndipo m'khwapa ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere ikuluikulu imene sichokanso. Zipere zimayala thupi munthu osaziona msanga chifukwa mankhwalawo amabisa kuyabwa. Odzola thupi lonse kwa miyezi yambiri BP ndi shuga zimatha kuwakwera, popeza mankhwalawo amalowa m'magazi. Kuyabwa ndi kutentha kumene mukumva mukadumphitsa masiku awiri ndi khungu limene lazolowera mankhwala likulira, si umboni woti mafutawo amakuthandizani.

M'mabotolo otere mumapezekanso zinthu zina ziwiri. China ndi hydroquinone. Dokotala wa khungu amatha kuilemba pa zigamba, ya mphamvu ya 4%, kwa miyezi itatu kapena inayi basi, kenako n'kuisiya. Ikadzoledwa zaka ndi zaka munthu akuyenda padzuwa, imatembenuka n'kuyamba kudetsa khungu: pamafupa a masaya, m'mbali mwa maso ndi pakhosi pamada bii motuwira, pamakhala pokhakhala. Nthendayi dzina lake ndi ochronosis. Madokotala a ku South Africa anaifotokoza mu 1975 ataona amayi ambiri akuda atawonongeka nkhope motere, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzola zogulitsa wamba. Msampha wake ndi wakuti munthu akaona kudako amawonjezera mafuta omwewo, pomwe zigamba za ochronosis sizimva mankhwala bwinobwino. China ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha, amafika kwa mwana wa m'mimba, ndipo amatsalira pathaulo ndi papilo n'kufikira ena a m'nyumba. Mayiko monga Ghana, Côte d'Ivoire ndi Rwanda analetsa mafuta oyeretsa otere. Kuno mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, koma kabotolo kopanda dzina kochokera m'chikwama cha mnzanu sikanadutse m'manja mwa woyeza aliyense.

Kasiyidwe kake kali ndi njira. Tengani kabotoloko mupite nako kuchipatala, mukawauze mosabisa kuti mwadzola miyezi isanu, ndipo mwadzola pati ndi pati. Ngati ndi kumaso kokha, akhoza kukusiyitsani kamodzin'kamodzi, kapena kukutsitsani ndi mankhwala ofooka monga hydrocortisone wa 1% kwa masabata ochepa, ndipo tiziphuphu tikachuluka amapereka mapilitsi monga doxycycline. Ngati mwakhala mukudzola thupi lonse, musasiye mwadzidzidzi panokha. Tiziwalo ta pamwamba pa impso timene timapanga steroid wachilengedwe timakhala titagona, ndipo munthu akhoza kulefuka kwambiri, kuchita chizungulire ndi kusanza. Masabata awiri oyamba adzakhala ovuta: kufiira, kusendeka, kutentha, ndipo kwa kanthawi mudzada kuposa mmene munalili musanayambe. Kwa ambiri zimakhazikika pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi itatu, ena zimapitirirako. Apa ndi pamene anthu amagonja n'kubwerera ku botolo, makamaka pakakhala ukwati kapena chinkhoswe Loweruka likubweralo. M'nyengo imeneyi kumaso kuzingopita madzi, Vaseline woyera wopanda fungo, ndi mthunzi. Akunyumba muwauziretu kuti asadzadabwe. Ngati kwanuko zawakanika, ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli kiliniki ya matenda a khungu.

Zimene zaka zimachita pankhope

Kuyambira m'zaka za m'ma 20, khungu limataya pafupifupi 1% ya collagen chaka chilichonse, ndipo mzimayi akasiya msambo limataya pafupifupi 30% m'zaka zisanu zoyambirira chifukwa homoni ya estrogen yatsika. Mafuta a m'masaya, amene pautsikana amakhala m'mwamba, amachepa n'kutsetserekera m'munsi. N'chifukwa chake pansi pa maso pamalowa, ndipo mizere iwiri yochoka pamphuno kufika m'mbali mwa kamwa imazama. Fupa la nsagwada ndi la m'mphepete mwa maso nalo limachepa pang'ono. Palibe mafuta odzola, kaya ndi a mtengo wanji, amene angakweze tsaya kapena kubwezera fupa. Wogulitsa akakulonjezani zimenezo, bwezani ndalama m'chikwama. Chimene mungateteze pamenepa ndi mano. Mano a m'mbali akachoka osabwezeretsedwa, fupa la pamenepo limafota ndipo tsaya limalowa. Magazi otuluka m'nkhama potsuka mano musawazolowere, kaonetseni.

Khungu lakuda lili ndi mwayi wake, makwinya amachedwa ndi zaka 10 kapena kuposa poyerekeza ndi la azungu. Ife ukalamba umayambira pa mtundu wa khungu, ndipo kuda kumene amayi amadandaula nako si kumodzi. Zigamba zofanana mbali zonse ziwiri, m'masaya, pachipumi ndi pamwamba pa mlomo, ndi melasma. Imadzutsidwa ndi mimba, mapilitsi ena olerera ndi dzuwa, ndipo khalidwe lake ndi kuchepa n'kudzabwereranso. Madontho otsala pamene panali chiphuphu kapena chilonda ndi ena, amazimiririka okha m'miyezi 6 mpaka 12 bola mutasiya kupsinya ndi kukanda. Tinjerewere takuda tomera m'masaya ndi pakhosi timayendera kumtundu, si matenda, ndipo musatidule ndi lumo kapena kutimanga ulusi kunyumba, chifukwa chipsera chake chimada kuposa kanjerewereko. Koma kuda kokhuthala kwa kuseri kwa khosi ndi m'khwapa, kumene anthu amakuyesa litsiro n'kumakukwecha mpaka kusupula, kawirikawiri ndi chizindikiro choti thupi layamba kulimbana ndi shuga. Kumeneko chofunika ndi kukayezetsa magazi, osati chinkhupule. Ndipo kadontho katsopano kakuda ka kuphazi, pachikhatho kapena pansi pa chikhadabo, kamene kakukula kapena kutuluka magazi, dokotala akaone sabata yomweyo.

Pa zonse zimene munthu angachitire nkhope yake, chopindula kwambiri ndi kuiteteza ku dzuwa, ndipo n'chimene timachinyozera kwambiri. Ambiri timaganiza kuti sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndi ya anzathu achialubino okha. Dziko lathu lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator, dzuwa lake ndi lamphamvu chaka chonse, ngakhale mu June anthu atavala majuzi. Tsiku limodzi la kumanda kapena kumunda wopanda chipewa limatha kufafaniza ntchito ya miyezi itatu ya mankhwala a melasma. Gulani sunscreen ya SPF 30 kapena kuposa, nambala imeneyi imaonetsa mphamvu yake yotchinga dzuwa. Muyeso wa nkhope ndi khosi ndi mizere iwiri yofinyira pa chala cholozera ndi chapakati, kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Ambiri amapaka kadontho n'kumati siigwira ntchito. Mukakhala panja bwerezani pakatha maola awiri, kapena mukatuluka thukuta kwambiri. Ya zinc oxide yokha imatuwitsa khungu lakuda. Yosakaniza ndi mtundu, yokhala ndi iron oxide, siituwitsa, ndipo imatchinganso kuwala kooneka ndi maso kumene nako kumadetsa melasma. Ndi yodula, n'zoona. Ndalama zikavuta, chipewa cha mlaza cha mlomo waukulu ndi ambulera zimagwira ntchito yaikulu, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Duku limateteza tsitsi, koma masaya limawasiya pamtetete. Kutentha kwa mbaula ndi utsi wa nkhuni nazo zimawonjezera, choncho phikirani podutsa mphepo ndipo musamaweramire pamoto.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku n'kochepa kuposa mmene ogulitsa amafunira. Sambani kumaso kawiri patsiku ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Sopo wochapira zovala asafike kumaso, amakokolola mafuta onse achilengedwe ndipo khungu la zaka 47 silibwezeretsa msanga. Dzolani khungu likadali lonyowa, pasanathe mphindi zitatu chisambireni. Vaseline sathira madzi pakhungu, amangotsekera amene alipo, ndiye kumudzola pouma ndi kungonyezimira chabe. Glycerine musakanize ndi madzi kapena ndi mafuta odzola, payekha amamata. Mu June ndi July, mwera ukamatuwitsa miyendo mbuu, dzolani kawiri. Zikang'a viikani m'madzi ofunda mphindi 10, kwechani pang'ono ndi mwala, pakani Vaseline wambiri, valani masokosi, mugone nawo.

Khungu likachira ku steroid, osati lisanachire, alipo mankhwala ochepa amene umboni wake ndi wolimba. Woyamba ndi retinoid, monga tretinoin wa 0.025% kapena adapalene wa 0.1%. Amadzutsa khungu kupanga collagen, amasalaza timakwinya tating'ono ndi kuchepetsa madontho. Kadontho ka msinkhu wa njere ya nandolo kakwanira nkhope yonse. Pakani usiku, khungu litauma, kawiri pa sabata mwezi woyamba, kenako usiku wodumphitsa, ndipo pewani zikope, milomo ndi makona a mphuno. Phindu limaoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6. Cholakwika chofala ndi kupaka wambiri usiku uliwonse pofuna changu: khungu limapsa, ndipo khungu lakuda likapsa limasiya chigamba chatsopano. Woyembekezera, kapena amene angatenge mimba, asapake, ndipo pa zaka 47 mimba ikadali yotheka. Wachiwiri ndi azelaic acid wa 15% kapena 20%, wofatsa, wabwino pa melasma, amangoyabwa pang'ono masiku oyamba. Niacinamide wa 4% kapena 5% naye amathandizako. Yambani chimodzi, mudikire mwezi musanawonjezere china, kuti chikakukanani mudziwe kuti ndi chiti.

Mandimu, soda, mankhwala otsukira mano ndi shuga wokwechera kumaso, zimene zimayenda pa WhatsApp zija, zisiyeni. Madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa pakhungu amawotcha n'kusiya kuda kwa miyezi. Mapilitsi ndi jekeseni za glutathione, ndi ufa wa collagen wothira mu tiyi, umboni wake ndi wofooka. Ndalama imeneyo ikagule mazira ndi usipa.

Za tsitsi

Kwa anthu akuda imvi zimayamba cha pakati pa zaka za m'ma 40, ndiye inu zabwera pa nthawi yake. Zimatengera kumtundu. Kuzula imodzi sikubala khumi monga amanenera, koma kuzulazula pamalo amodzi kumapha muzu. Kudaya kapena kusadaya zili kwa inu, sindiona cholakwika konsekonse. Mukasankha kudaya, dziwani kuti dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa PPD amene ena amawatupitsa nkhope ndi zikope. Pakani pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire maola 48. Musadaye tsiku lomwe mwaika relaxer, pasiyane masabata awiri. Maganizo anga ndi akuti dayi wakuda bii amaumitsa nkhope yokhwima, wofiirira pang'ono amaifewetsa.

Tsitsi lakutsogolo ndiye nkhani ina, ndipo nthawi zambiri si ukalamba. Ndi kukoka kwa zaka 20 kapena 30: mameshi othina, weave yosokera pa tsitsi lowongola kumene, wigi ya guluu kapena ya timapesi tobaya pamalo amodzi, duku lomanga pamzere womwewo tsiku ndi tsiku. Ngati usiku woyamba mutaluka mumagonera Panado, kapena m'mphepete mwa chipumi mukutuluka tiziphuphu, mizu ikuzuka. Woluka akanena kuti zifewa mawa, muuzeni amasule pompo. Zoluka zisapitirire masabata 6 mpaka 8, mutu upume masabata awiri musanalukenso, katsitsi ka m'mphepete kasalowe m'meshi, ndipo relaxer aziikidwa pakatha masabata 8 mpaka 12, pa tsitsi lomera kumene lokha. Yang'anani pothothokapo pafupi. Ngati pakadali tiubweya tating'onoting'ono, mizu ilipo, ndipo kusiya kukoka limodzi ndi mankhwala opaka a minoxidil wa 2% kapena 5% kungabwezere tsitsi m'miyezi 4 mpaka 6. Ngati pasalala n'kumanyezimira, mizu inafa, ndipo mafuta a nsatsi sangaidzutse. Kuthothoka koyambira paliwombo n'kumakula mozungulira, nthawi zina koyabwa kapena kopweteka, ndi nthenda yosiya chipsera, imafuna dokotala isanafale. Tsitsi likamathothoka mutu wonse, yezetsani kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro, makamaka ngati msambo wa masiku ano ukubwera wambiri.

Mimba, msambo ndi mafupa

Amayi ambiri amasiya msambo pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati munthu wasiya pakadutsa miyezi 12 yathunthu osaona kanthu. Zaka zingapo izi zisanafike, msambo umadumphadumpha, thupi limatentha mwadzidzidzi, usiku thukuta limanyowetsa zofunda, tulo timasowa, mtima umapsa msanga. Mafuta amasamuka m'chiuno ndi m'ntchafu kupita pamimba, ndipo minofu, imene yakhala ikuchepa ndi 3% mpaka 8% pa zaka 10 zilizonse chikwanitsireni zaka 30, imayamba kuonetsa kuchepa kwake. Lamba wothina sasungunula mafuta, ndipo tiyi wambiri wochepetsa thupi ndi wotsegula m'mimba chabe. Tengani tepi ya telala muyeze pamchombo: chiuno chisapitirire theka la msinkhu wanu. Wa masentimita 160 asapitirire 80.

Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 masiku asanu, kuyenda mwandawala mpaka kupuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula. Limawonjezeranso masiku awiri pa sabata olimbitsa minofu, ndipo gawo ili ndi limene amayi amalilumpha. Silifuna jimu. Kukhala pampando n'kudzuka osagwira kanthu ka 12, kupuma, kubwereza katatu. Kukankha khoma ndi manja chimodzimodzi. Kuyenda ndi chigubu cha malita 5 dzanja lililonse msana uli chilili. Minofu ndi imene imagwira maondo, imawongola msana, ndipo munthu wowongoka amaoneka wamng'ono kuposa wopanda makwinya wowerama.

Pambale, mtanda wa nsima uchepe, ndiwo zichuluke, ndipo mgaiwa uposa ufa woyera. Usipa ndi matemba zodya ndi minga yomwe ndiye calcium wathu wotchipa, wofunika kwambiri tsopano pamene mafupa ayamba kuphwa. Nyemba, nandolo, mazira ndi nsinjiro zimamanga minofu. Magwafa, malambe, bonongwe ndi chisoso zili ndi vitamini C, amene thupi silingapange collagen popanda iye. Shuga asapitirire masupuni ang'onoang'ono 6 patsiku ngati mungathe, pomwe botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la 300 ml lili ndi pafupifupi 8. Mchere usafike magalamu 5, supuni yaing'ono imodzi yosadzadza, tsiku lonse.

Kamodzi pachaka yezetsani BP ndi shuga. Yezetsaninso khomo la chiberekero, m'zipatala za boma ndi ulere, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Magazi alionse obwera mutasiya kale msambo si msambo wobwerera, pitani kuchipatala. Kulera musasiye msanga: wosiya msambo asanafike zaka 50 apitirize zaka ziwiri, woposa 50 chaka chimodzi. Kutentha ndi kusowa tulo zikakulepheretsani ntchito, alipo mankhwala obwezera mahomoni, funsani dokotala ngati akukuyenerani. Ndipo ngati foni mwayamba kuitalikitsa powerenga, gulani magalasi owerengera, pa msinkhu wanu ambiri amayambira pa +1.00 kapena +1.50. Kutsinzinira tsiku lonse kumakumba mizere pakati pa nsidze.

Kubwerera mwakale

Funso lanu lenileni ndiyankhe mosapita m'mbali. Nkhope ya zaka 25 sibweranso. Mtundu ukhoza kukhazikika, tsitsi lina likhoza kumera, chiuno chikhoza kuchepa, koma amene adzatuluke pamenepo ndi mayi wa zaka 48 wooneka bwino, osati mtsikana uja. Ndipo chimene mwatayacho ndi chenicheni. Anthu amathamangira kunena kuti kukongola ndi mtima, kawirikawiri pofuna kuti wodandaulayo atonthole. Amene anali chiphadzuwa amamva kusinthaku kuposa anzake, chifukwa kuyambira ali wamng'ono anthu ankamupatsa malo, ankamumwetulira, pamzere ankamuthandiza msanga, iye osapempha. Zikasiya zimakhala ngati kuchotsedwa ntchito popanda kalata. Kumva chisoni pamenepo si kunyada kapena kuchepa chikhulupiriro. Chisoni chotere chimachepa munthu akachivomera ndi kuchitchula kwa mnzake wa msinkhu wake, chimakula akamachibisa m'bafa.

Pali zinthu zimene zimachikulitsa popanda chifukwa. Kamera yakutsogolo ya foni, pa mtunda wa mkono, imakulitsa mphuno ndi kupotoza nkhope. Babu la kudenga la m'bafa limazamitsa mthunzi pansi pa maso ndi m'mizere ya kamwa. Zithunzi za anzanu pa Facebook ndi TikTok zambiri zadutsa mu filter. Ndiye mukudziyeza ndi anthu awiri amene kulibe, mtsikana wa pachithunzi cha ukwati ndi mnzanu wa pa status. Galasi muziliona m'mawa ndi madzulo, pafupi ndi windo, mutaima mita imodzi, pamtunda umene anthu amakuonerani. Madiresi a saizi ya kale odikira tsiku lodzachepa apatseni ena, telala akuyezeninso lero. Bra ya saizi yolondola imasintha kakhalidwe ka bulauzi kuposa mmene ambiri amaganizira. Ufa wokhuthala wa kumaso umakhazikika m'makwinya n'kuwaonetsa, pakani wochepa, ndipo mtundu wake ufanane ndi khosi.

Mama wa kondakitala uja sindikunamizani kuti ndi ulemu wokhawokha, akukuuzani kuti mwasamukira gulu lina. Koma gululo kwathu kuno lili ndi ntchito zake. Ndi amayi a msinkhu wanu amene amaitanidwa kukalangiza mkwatibwi, amene mawu awo amamveka ku Mvano ndi pamaliro, amene atsikana a kuntchito amawabisira misozi yawo. Cha m'ma 2000 zaka zoyembekezeka kukhala ndi moyo m'Malawi sizinkafika 50, lero zapitirira 60. Sindikunena izi kuti muthokoze n'kukhala chete. Ndikunena chifukwa mayi wathanzi wa zaka 47 lero akhoza kukhala ndi zaka zina 25 kapena 30 kutsogolo, ndipo ndalama ndi mphamvu zimene zikupita kumaso zigawidweko ku maondo, mafupa, mano ndi maso. Koma ngati kukhumudwa kwafika poti kwa masabata awiri otsatizana simukusangalala ndi kanthu, mukuthawa anthu, kudya ndi tulo zasokonekera, kumeneko ndi kudwala kumene kumachuluka pa zaka zosinthazi, ndipo kuchipatala kuli thandizo lake.

Za bambo akunyumba, kukhala chete kwa mwamuna kuli ndi matanthauzo ambiri, ndipo inu mwasankha lopweteka kwambiri musanawafunse. Mwina sanaone chimene inu mumachiona mutayandikira galasi. Mwina aona kuti zikukuvutani ndipo akuopa kulakwitsa mawu. Mwinanso ali ndi zawo, dazi, mimba, mphamvu za kuchipinda zimene zayamba kuwasiya, ndipo amuna zimenezo sazitchula. Afunseni pa nthawi yopanda mkangano, ana atagona: "Bambo, thupi langa likusintha ndipo zikundivuta mumtima. Inu mukuziona bwanji?" Mukapeza kuti pali wina kumbali, imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe ndi ya kukayezetsa magazi nonse awiri, mtundu wa khungu sunayambitse ndipo sungathetse. Koma m'mabanja ambiri a msinkhu uwu mtunda umayambira pa kanthu kamene palibe akukatchula: estrogen ikatsika njira ya amayi imauma, kukhala malo amodzi kumapweteka, mayi amayamba kuzemba, bambo n'kumayesa kuti akukanidwa. Ku pharmacy kuli mafuta oterera opangidwa ndi madzi, monga K-Y, ndipo akapanda kukwanira dokotala amalemba kirimu ya estrogen yoika kumeneko, tsiku lililonse masabata awiri oyamba kenako kawiri pa sabata. Vaseline ndi mafuta ophikira musagwiritse ntchito pamenepa ngati mumadalira kondomu, amaifooketsa mpaka kuphulika.